Chipewa pa Msomali

Siteshoni ya pa mphambano ndi yaing'ono moti mlendo akangosinza pang'ono m'sitima amaidutsa osadziwa kuti panali siteshoni. Pali kanyumba ka matikiti, mabenchi atatu, thanki imene inasiya kalekale kusunga madzi, ndi mpanda wa waya wolekanitsa pulatifomu ndi msewu wa fumbi wopita ku nyumba za antchito. Koma pomwepo njanji yochokera mumzinda imagawikana. Ina imatsetserekera ku makomboni a kuchigwa, ina imakwera kupita kuseri kwa phiri. Sitima ya madzulo imafika ndi mabogi asanu ndi limodzi, odzaza anthu otopa. Anayi akutsogolo amapitirira kuchigwa ndi injini yaikulu, awiri akumbuyo amatsala kudikira kainjini kokalamba kodzawakokera kumtunda. Kuti zimenezi zitheke pamafunika munthu wolowa pakati pa bogi lachinayi ndi lachisanu n'kumasula. Munthuyo anali Ngowe.

Anamutcha Ngowe chifukwa cha ntchito yakeyo, ndipo patapita zaka msana wake unalivomereza dzinalo, unapindika. Anali wowonda, wa manja aakulu osafanana ndi thupi lake, wosakonda kulankhula. Mowa sankamwa, osati chifukwa cha kupemphera, koma ankati munthu wolowa kumene amalowa iye amafunika kudziwa pamene pali zala zake zonse.

Ntchitoyo inali yachidule koma yoipa. Sitima ikaima, ankadumphira pa miyala ya m'njanji n'kuwerama kudutsa pansi pa mbale. Mbale ndi zitsulo zija zobulungira zimene mabogi amagundanirapo. Zikakumana, ngakhale tsamba silingalowe pakati pake. Kuseri kwa mbalezo kuli kampata kokwana munthu mmodzi, konunkha girisi ndi mkodzo wotsika m'zimbudzi za m'sitima. Mmenemo Ngowe ankatseka mpweya wa mabuleki n'kulekanitsa mapaipi. Kenako ankapotokola chitsulo chomangira unyolo mpaka unyolowo utalefuka, n'kulowetsa manja onse awiri, n'kuunyamula kuuchotsa pa ngowe yake. Nthawi yonseyi moyo wake unkakhala m'dzanja la munthu amene ali kutsogolo m'injini, amene sakumuona n'komwe. Dzanjalo litangosuntha, unyolo ukhoza kukungika pamodzi ndi chilichonse chimene chili mkati mwake.

Akuluakulu a kampani si zitsiru, izi ankazidziwa. Lamulo lawo linkati munthu akalowa pakati pa mabogi, pa mlongoti wa nyali pazipachikidwa chikwangwani chofiira. Chikwangwanicho chinalipodi nthawi ina. Chinachita dzimbiri, chinathothoka, ndipo mayi wogulitsa tiyi pa geti anachitola n'kumatchingira mphepo pa mbaula yake. Chatsopano anachiitanitsa ku likulu, ndipo kulikuluko anayankha kuti amva. Pa mlongoti panangotsala msomali. Tsiku lina Ngowe, ali watsopano pa ntchito ndipo mantha adakali nawo, anavula chipewa chake choyera n'kuchikoleka pa msomaliwo, n'kukuwira dalaivala.

"Achimwene! Chipewachi chikakhala apa, mwini wake ali pansi. Musandiphe, sindinakwatire!"

Dalaivalayo anaseka mpaka kutsokomola. "Lowani, lowani. Koma muzichichapa, chikada sindichiona."

Umu ndi mmene zinayambira, ndipo zinakhala choncho zaka zambiri. Ngowe akoleka chipewa, alowa, amasula, atuluka, atenga chipewa n'kuchikupiza m'mwamba. Dalaivala aliza hutala kawiri, n'kunyamuka. Gadi wa mbendera, amene ntchito yake inali kulola sitima kunyamuka, anazolowera kungoyang'ana zitseko. Anthu akatha kukwera, iye ankaimba wenzulo n'kukweza mbendera yobiriwira, osalabada kuti Ngowe ali kuti, poti ankadziwa kuti dalaivala sasuntha chipewa chili pa msomali. Choncho pa siteshoni imeneyi mbendera inkangotanthauza kuti anthu akwera. Yonyamutsa sitima inali nsalu yakale ya pamutu pa munthu, ndipo aliyense wa pamenepo ankaona kuti ndi mmene dziko linapangidwira.

Dalaivalayo anali ndi mlongo wake amene ankamubweretsera chakudya pa pulatifomu, mtsikana wamfupi, wa pakamwa posatopa. Iyeyu ndi amene anayamba kumuputa Ngowe, kumufunsa ngati kwawo kulibe sopo. Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo dalaivala uja anakhala mlamu wake. Anabereka mwana mmodzi wamkazi. Nyumba yawo inali yachitatu mu mzere wa nyumba za kampani, ya zipinda ziwiri, ya zenera limodzi lonjenjemera sitima ikamadutsa. Masiku opuma mlamu ankabwera kudzasewera nsolo pa khonde, n'kumanena kuti, "Alamu, mukandidya lero, mawa ndinyamuka chipewa chili pomwepo." Onse ankaseka. Nthabwala imeneyi inkakoma chifukwa panalibe amene ankaiganizira kawiri.

Mkazi wa Ngowe anali ndi mphumu. Inkamugwira nyengo ya fumbi, n'kumubanikitsa, n'kumusiya. Anthu a m'nyumbamo anaizolowera monga mmene anazolowerera zenera lija. Madzulo ena, sitima ikulira kale pa khona, mayi woyandikana nawo nyumba anafika pa pulatifomu ali wefuwefu, alibe nsapato.

"Bambo, amayi akunyumba agwa pa mpopi. Akubanika, mankhwala aja sakugwira."

Ngowe anayang'ana msewu, n'kuyang'ana sitima imene inali kulowa. Pa siteshoniyo panalibe wina wodziwa kumasula. "Pitani mukawakhazike tsonga," anatero. "Ndikubwera pompano."

Anakoleka chipewa, analowa, anamasula, anatuluka. Anakupiza chipewa monga mwa masiku onse. Mlamu wake anasuzumira pa zenera la injini akumwetulira, analiza hutala kawiri, n'kutsetsereka kupita kuchigwa ndi mabogi ake anayi. Ngowe sanamuuze kanthu. Mumtima ankati ndikamuuza asiya injini ndi anthu onsewa pa njanji, chikhalirecho mphumuyi imagwira n'kusiya. Sanali munthu wouma mtima, ayi. Anali munthu amene ntchito inamulowa m'mafupa mpaka inkaganiza m'malo mwake. Mkaziyo anamwalira m'galimoto ya munthu wachifundo, chipatala chikuonekera.

Chinsinsi cha pa mzere wa nyumba za kampani sichigona. Maliro asanathe, mlamu anali atamva kuti uthenga unafika pa siteshoni sitima isanaime. Anadikira anthu atabalalika, n'kumupeza Ngowe kuseri kwa nyumba, pa mpopi pomwe paja.

"Munkadziwa," anatero motsitsa mawu. "Munandiyang'ana kumaso, n'kundikupizira chipewa kuti ndizipita. Mlongo wanga akufa, ine ndikuliza hutala."

"Alamu, ine ndinkayesa kuti..."

"Musanditchulenso."

Amenewa anali mawu ake omaliza kwa Ngowe. Koma kampani sidziwa za maliro a anthu, ndipo sabata yotsatira onse awiri anabwerera ku ntchito, mmodzi m'injini, mmodzi pansi pa mbale.

Apa ndi pamene Ngowe anayamba kuopa. Poyamba sanadziwe kuti ndi mantha. Ankangoona kuti ovolosi yake ikunyowa kumsana asanagwire n'komwe unyolo. Akamakoleka chipewa ankaona mutu wa mlamu wake uli pa zenera la injini, ukumuyang'ana duu, wosagwedezeka. Akatuluka n'kukupiza, hutala sinkalira. Mutuwo unkangolowa mkati, sitima n'kunyamuka. Ndipo akakhala mu kampata kaja, manja ali mu unyolo, nthabwala ya pa nsolo inkabwera yokha m'makutu mwake, mawu omwewo, koma yopanda kuseka. Ankaganiza mmene zingakhalire zosavuta. Palibe mpeni, palibe mboni. Dzanja lingoterereka pang'ono, ndipo aliyense adzati ngozi ya pa ntchito.

Tsiku lina mabogi anagwedezeka ali mkati. Mbale zinakhulana kuti ngwee, unyolo unadumpha, n'kung'amba mkono wa ovolosi. Ngowe ankadziwa bwino lomwe kuti mabogi amatero okha nthawi zina, mabuleki akamamasuka kapena anthu ambiri akakwera mbali imodzi. Zinamuchitikirapo kambirimbiri m'mbuyomu, osazitenga ngati nkhani. Koma tsiku limenelo atatuluka n'kuyang'ana kutsogolo anaona mutu uja uli pomwepo.

Mwana wake, amene tsopano anali wamkulu ndipo ankasoka zovala pa khonde, anaona chibowocho.

"Ababa, chachitika n'chiyani apa?"

"Amalume ako akuyesa dzanja."

Mwanayo anaimitsa makina. "Musatero. Amalume sangachite zimenezo."

"Iwe sunaone mmene akundiyang'anira."

"Nanga munthu woferedwa amayang'ana bwanji? Inuyo munadziona pa galasi? Pitani mukalankhule nawo, chibale ndi fupa."

"Chibale changa ndi iwo chinali amayi ako," anatero Ngowe, n'kulowa m'nyumba.

Munthu wamantha ndi woopsa kuposa munthu wolusa, chifukwa wolusa amakuuza. Ngowe anali ndi kanthu kena kamene malemu mkazi wake anamunong'oneza kale, kuti diso lamanzere la mchimwene wakeyo layamba kuchita ng'ala, ndipo akubisa kuti afike zaka zopumira. Kanali ka m'banja, kosatuluka pakhomo. Ngowe anakasunga mkamwa masabata angapo, kakumuwawa. Kenako mmawa wina anagogoda pa ofesi ya abwana a siteshoni, bambo wonenepa wokonda wailesi ndi mtendere.

"Bwana, ine sindinena kanthu. Koma mwina adokotala a kampani atakawaona maso alamu anga."

Abwana anatsitsa wailesi. "Ukutanthauza chiyani?"

"Sindikutanthauza kanthu, bwana. Ndangoti mwina."

Adokotala anakawaonadi. Mwezi usanathe mlamu anatsika m'injini imene anaiyendetsa theka la moyo wake, anabweza yunifomu, n'kukhala pakhomo. Sipanafunike mfiti kuti adziwe amene ananena. Mwana wa Ngowe anatha masiku akumuikira bambo wake chakudya pa tebulo osamuyang'ana. Ngowe manyazi anali nawo, zoona, koma pansi pa manyaziwo mtima unali myaa, ndipo izi sakanauza munthu.

Sitima ya madzulo inayamba kuyendetsedwa ndi madalaivala a ku depoti, achinyamata ovala malaya osita, osinthana, lero uyu mawa wina. Tsiku loyamba Ngowe anakonzeka kuti sitima ikaima apite ku injini akamufotokozere mnyamatayo za chipewa. Anayenda mpaka pa benchi yomaliza, n'kuima. Pambali pa injini panali munthu wa jekete yotuwa, manja m'thumba. Anali mlamu wake. Ankalankhula ndi dalaivala watsopanoyo, ndipo ali mkati molankhula anatulutsa dzanja n'kuloza kumene kunali Ngowe. Dalaivalayo anatembenuka, anamuyang'ana Ngowe kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugwedeza mutu.

Ngowe anabwerera. Anakoleka chipewa, analowa, ndipo anamasula mofulumira kuposa tsiku lina lililonse la moyo wake. Sitima sinasunthe mpaka atatuluka.

Mawa lake mlamu analipo. Mkuja wake analipo. Ankafika sitima itatsala pang'ono, sankakhala pa benchi, sankagula tiyi, sankapatsa moni aliyense. Ankaima pamene injini imaimira, n'kulankhula ndi dalaivala wa tsikulo, n'kuloza. Akatha ankabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima chilili, diso lake labwino lili pa mpata wa mabogi, mpaka Ngowe atatuluka. Kenako ankachoka osatembenuka. Mvula itayamba ankabwera ndi pepala la pulasitiki pamutu.

Madalaivala a ku depoti ankadikira chipewa onse, tsono Ngowe anati ndiye kuti abwana anatumiza mawu ku depotiko. Sanafunse. Ku ntchito chinthu chikamayenda, ndani amafunsa chimene chikuchiyendetsa? Chimene chinkamudya chinali chala cholozacho. Munthu amene unamuchotsetsa ntchito, amene mlongo wake ankabanika uli pansi pa sitima, angamawauze chiyani anthu ogwira moyo wako m'manja? Ankaganiza kuti akuwanyengerera mmodzimmodzi, kufunafuna wamtima wofewa, kapena wokonda mowa, amene angavomere kuti dzanja literereke. Anayamba kuonda. Nthawi ya sitima ikamayandikira ankasiya chakudya osachimaliza. Kunyumba akamva chitseko chikugunda ankadzidzimuka n'kubisa manja m'khwapa.

Anapita kwa mayi wa tiyi, amene maso ake ankaona zonse za pa siteshoniyo.

"Mayi, kodi alamu anga amawauza chiyani anyamatawa?"

"Ine ndimve bwanji ndi phokoso la injini? Makutu anga ndi awiri omwewa." Anathira tiyi m'kapu. "Koma galu wamkota sakandira pachabe. Bwanji osawafunsa eni ake? Amaima apo, si kutali."

Kunali kutali. Kuchokera pa mlongoti wa nyali kufika pa injini ndi mabogi anayi okha, koma Ngowe sakanatha kuwayenda. M'malo mwake anagogodanso pa ofesi ya abwana, chifukwa chitseko chimene unalowapo kamodzi sichivutanso kachiwiri.

"Bwana, munthu amene sali pa ntchito amaloledwa kumasokoneza madalaivala ali pa injini?"

Abwana anapuma mozama. "Ngowe, mdala uja wakulira pano. Akulakwira ndani?"

"Ine sindikugwira ntchito bwino, bwana. Tsiku lina anthu a ku likulu adzabwera n'kumupeza. Adzafunsa inu, osati ine."

Mawu akuti likulu ankawatha mphamvu abwana. Anaitana mlonda wa pa geti n'kumuuza kuti kuyambira tsiku lomwelo mdala wa jekete asalowenso, ngakhale atagula tikiti.

Madzulo ake kunali kotentha, kopanda mphepo. Kumwamba kunali kofiirira ndi fumbi, ndipo anthu odikira sitima anadzaza mabenchi n'kusefukira pansi. Ngowe anali pa mlongoti akupaka girisi m'manja pamene anamva phokoso pa geti. Mlamu wake anali atafika, ndipo mlonda anamutchingira ndi chibonga. Ngowe sanamve mawu onse, koma anaona mdalayo akuloza ku ofesi, akufuna abwana. Abwana anatseka zenera n'kukweza wailesi, poti sankafuna kuyang'anizana ndi munthu amene anadya naye zaka zonsezo. Mdalayo anayesa kukankha, mlonda anamubweza mpaka anadzandira. Nthawi yomweyo sitima inalira pa khona.

Ngowe anamva ngati wina wamutula thumba la simenti. Anaona mlamu wake akusiya geti n'kuyamba kuthamanga kunja kwa mpanda, motsimphina, kulowera kumene injini imaimira, ndipo mumtima anati thamangani, waya ameneyo ndi wamtali. Sitima inalowa. Pa zenera la injini panali nkhope imene Ngowe anali asanaionepo, mnyamata wa magalasi, ndipo chifukwa cha fumbi zeneralo linali lotseka. Anthu anayamba kukankhana pa zitseko, ogulitsa malonda akukuwa, ana akulira. Ngowe anavula chipewa, anachikoleka pa msomali, n'kudumphira pa miyala. Ankaimba mluzu. Kuyambira tsiku la maliro anali asanaimbepo mluzu.

Mkati munali mozizira bwino. Anatseka mpweya, analekanitsa mapaipi, anayamba kupotokola chitsulo mosafulumira, akumva kukoma kwa ntchito imene manja ake ankaidziwa okha. Kunja wenzulo ya gadi inalira. Ankaimva tsiku lililonse ali pansi pomwepo, ndipo sinkatanthauza kanthu. Unyolo unalefuka. Analowetsa manja.

"Alamu!"

Mawuwo anachokera kutali, kuseri kwa mpanda, opyola phokoso lonse, osweka ngati a munthu amene wapsa.

"Alamu, tulukani! Tulukaniii!"

Ngowe anauma. Dzina limenelo anali asanalimve pakamwa pamenepo kwa miyezi yambiri, ndipo chimene chinayamba kumufikira si mantha, koma mkwiyo: ngakhale kunja kwa mpanda munthuyu sakundisiya. Analuma mano n'kunyamula unyolo. Kutsogolo injini inabangula. Anamva kugogoda kukubwera, bogi loyamba kukoka lachiwiri, lachiwiri lachitatu, ndipo anadziwa chimene chinali kubwera, poti phokosolo analimva moyo wake wonse ali chilili pa pulatifomu, chipewa chili kumutu. Dzanja lamanzere linatuluka. Lamanja silinathe.

Sitimayo sinapite patali. Mdala uja, ataona kuti mawu sakufika, anatola mwala wa m'msewu n'kugenda zenera la injini, ndipo ndi diso lake limodzilo sanaphonye. Galasi litasweka mnyamata anamanga mabuleki. Mmene anthu ankamutulutsa Ngowe pansi pa mbale, mlamu anali atakwera kale mpanda, jekete yake yatsala pa waya, manja ake ali magazi okhaokha. Dalaivala wa magalasi anakhala pansi pa pulatifomu akulira ngati mwana.

"Mbendera inakwera," ankangobwereza. "Ine anandiphunzitsa kuti mbendera ikakwera ndizipita. Chipewa chiti? Palibe anandiuza za chipewa."

Ku chipatala analidula dzanjalo pansi pa chigongono. Lamanzere, ngakhale linatuluka, linathyoka zala ndipo analikulunga ndi pulasitala. Mwana wake ndi amene anamuuza zotsalazo, atakhala m'mphepete mwa bedi, akulankhula ndi khoma. Abwana sanatumizepo mawu ku depoti. Ankayesa kuti Ngowe amawauza yekha madalaivala. Ku depotiko za chipewa zinali zisanalembedwe paliponse. Anyamata onse amene anadutsapo ananena chimodzimodzi: pa mphambano pamaima mdala wa jekete, amati mwana wanga, mbendera usaimvere, yang'ana msomali uwo, chipewa chikakhalapo pansi pali munthu.

Ngowe anatembenukira ku khoma, ndipo misozi inkalowa m'khutu poti analibe choipukutira.

Atatuluka m'chipatala ankakhala pa khonde la nyumba yachitatu ija, pa mpando wa pafupi ndi makina osokera. Mwana wake ankamudyetsa ndi kumuveka, koma ndevu ankaziopa. Anayesa kamodzi n'kumucheka pa tsaya, n'kulumbira kuti sadzayesanso. Ndevuzo zinakula, zotuwa, zonyansa, zoyabwa. Mmawa wina mwanayo atapita kukapereka zovala za anthu, Ngowe anamva kuyenda kotsimphina mu msewu. Mlamu wake anakwera pa khonde osaodira. Ananyamula beseni laling'ono, sopo, ndi lezala latsopano m'kapepala kake. Anapita kuseri kukatunga madzi pa mpopi, anabwera, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Mwanayu wandidandaulira," anatero, akupaka sopo m'manja. "Akuti mukuoneka ngati wamisala."

Ngowe anali ndi zambiri zoti anene, ndipo zonse zinali zochepa. Chimene chinatuluka chinali funso.

"Bwanji simunandiuze, alamu? Masiku onse aja."

"Ndikanauza a ku depoti, bwenzi atakuchotsani ntchito pophwanya lamulo la chikwangwani. Mwana wa mlongo wanga akanadya chiyani?"

"Ndikunena ineyo. Bwanji osandiuza ineyo?"

Mlamu anamupaka thovu tsaya limodzi, kenako linalo, mosafulumira. Manja ake anali ndi zipsera za waya zisanapole bwino.

"Ndi madalaivala ndinali nawo mawu," anatero. "Ndi inu ndinalibe. Mpaka pano ndilibe. Musaganize kuti zatha."

Anamasula lezala m'kapepala, analiyang'ana pa dzuwa, n'kupendeketsa mutu kuti diso labwino likhale kutsogolo. Mu msewu munalibe munthu. Anasendeza mpando mpaka maondo awo anagundana.

"Tukulani chibwano."

Ngowe anatukula.